Printa Ikalavula Zilembo Zosamveka Kapena Ikangoti Chete: Zofufuza Musanaitane Wokonza

Funso limeneli landipeza kambirimbiri moti ndaona kuti kuli bwino ndilembe kamodzi, aliyense azidziwerengera. Munthu wadina Print, ndipo printa yayamba kutulutsa mapepala osatha, lililonse lili ndi kamzere kamodzi ka zilembo zachilendo pamwamba. Kapena kompyuta ikuti printa ili "Offline" pomwe makinawo ayaka, nyali yobiriwira ikuoneka bwinobwino. Mawu oyamba kumveka mu ofesi amakhala akuti "printa yafa." Kawirikawiri imakhala isanafe. Mwina kompyuta ikuilankhula m'chilankhulo chimene siimva, mwinanso ikutumiza ntchito ku adiresi imene printayo inachokako kalekale.

Zilankhulo za printa mwachidule

Printa ya mu ofesi silandira tsamba monga mmene inu mukulionera pa sikirini. Pulogalamu yotchedwa driver imasandutsa tsambalo kukhala malangizo: lemba chilembo ichi apa, jambula mzere uwu apo, tenga pepala mu thireyi yachiwiri. Malangizowo amalembedwa m'zilankhulo zingapo.

- PCL ndi ya kampani ya HP, ndipo inafala ndi LaserJet yoyamba ya mu 1984. PCL 5 ndi PCL 6 zangofanana dzina basi. PCL 6, imene imatchedwanso PCL XL, inalembedwa mwatsopano, choncho printa yomva PCL 5 yokha siingamve PCL 6.
- PostScript ndi ya Adobe. Inatuluka mu 1984 ndipo inatchuka ndi Apple LaserWriter mu 1985. Makampani ena anapanga zawo zoitsanzira: Brother ali ndi BR-Script, Kyocera ali ndi KPDL.
- Pali zilankhulo za kampani imodzi yokha, monga UFR II ya Canon. Maprinta ang'onoang'ono ambiri alibe ubongo womasulira PCL kapena PostScript. Kompyuta ndiyo imagwira ntchito yonse n'kuwatumizira madontho okonzeka kale, ndiye amafuna driver yawoyawo, osati ina.
- Makina osindikiza malebulo a Zebra amamva ZPL, ndipo osindikiza malisiti ambiri amamva ESC/POS.
- Mafoni ndi makompyuta atsopano amatumiza PDF kapena chithunzi cha tsamba kudzera pa njira yosindikizira pa netiweki yotchedwa IPP, popanda driver ya kampani. AirPrint ya Apple ndi Mopria ya pa Android zimayendera njira imeneyi.

Pamwamba pa ntchito zambiri pamakhalanso timizere ta PJL, timene timauza printa kuti chikubweracho chili m'chilankhulo chanji.

Yambani apa nthawi zonse

Musanakhudze kompyuta, pitani pa printa penipeni, lowani mu menyu yake, musindikize tsamba la Configuration. Makina ena amalitcha Status Page, ena amaliika pansi pa Reports. Tsambali silidutsa pa netiweki kapena pa driver iliyonse. Likatuluka loyera ndi lowerengeka, dziwani kuti injini, toner ndi zokoka mapepala zili bwino, vuto lili pakati pa kompyuta ndi printa. Pa tsamba lomwelo mupezapo adiresi ya IP (nambala imene printa imadziwika nayo pa netiweki), zilankhulo zimene printayo imamva, ndi kukula kwa memory yake. Lisungeni pafupi, mulifuna m'zigawo zonse zili m'munsimu.

Chizindikiro 1: Mapepala ambirimbiri a zilembo zosamveka

Choyamba imitsani chiwonongekocho. Kudina Cancel pa printa pokha sikuthandiza kwenikweni, chifukwa kompyuta imapitiriza kutumiza zotsala. Solozani thireyi kuti mapepala asiye kukokedwa, fufutani ntchitoyo mu mzere wa ntchito zodikira kusindikizidwa pa kompyuta, zimitsani printa, dikirani pang'ono, muiyatsenso.

Ndiye musataye tsamba loyamba. Anthu amalikwinya n'kuliponya mu bini, chonsecho yankho lili pomwepo. Printa ikalephera kuzindikira chilankhulo, imangosindikiza malangizowo ngati kalata wamba, ndipo mzere woyamba umaulula chimene chinatumizidwa:

- `%!PS-Adobe-3.0` ndiye kuti ndi PostScript.
- `) HP-PCL XL` ndiye kuti ndi PCL 6.
- `%PDF-1.` kutsatana ndi nambala ndiye kuti PDF yatumizidwa yosamasulira kwa printa yosamva PDF.
- `@PJL` kapena `-12345X` ndiye kuti printa sinamve timizere toyambirira tija.
- `^XA` ndiye kuti lebulo ya ZPL yasochera n'kupita ku printa ya mapepala.
- `GET / HTTP/1.1` ndiye kuti si ntchito yosindikiza n'komwe. Ndifotokoza m'munsimu.

Zoyambitsa, kuyambira yofala kwambiri:

1. *Driver yolakwika.* Yerekezani chilankhulo chimene mwachiona pa tsamba lotayika ndi mndandanda wa pa tsamba la Configuration. Ngati PostScript palibe pa mndandandawo pomwe driver yanu ili ndi PS m'dzina lake, vuto mwalipeza. Izi zimachitika kwambiri pa Mac ndi Linux munthu akasankha "Generic PostScript Printer" chifukwa dzina la printa yake silinaoneke. Zimachitikanso pa maprinta akuluakulu amene PostScript imagulidwa payokha: kabuku kamati makinawo amaimva, koma amene muli nawowo sanaikidwe. Chotsani printayo pa kompyuta, ikani driver ya mtundu weniweniwo kuchokera kwa opanga ake.
2. *Printa yakhomeredwa pa chilankhulo chimodzi.* Mu menyu muli malo otchedwa Personality, Emulation kapena Printer Language, malinga ndi kampani. Pakakhala PCL yokha, ntchito ya PostScript ituluka ngati zilembo. Bwezerani pa Auto.
3. *Ntchito yadukira pakati.* Magetsi athima, wina wazimitsa printa ikugwira ntchito, kapena chingwe cha USB chagwedera. Printa ikadzuka imalandira theka lotsala lopanda mutu wake, ndiye siidziwa kuti n'chiyani. Chizindikiro chake n'chakuti tsamba loyamba lilibe mawu aliwonse omveka pa mndandanda uja, ndi timabokosi ndi tinkhope basi. Fufutani ntchitoyo, tumizaninso. Zikamabwerezabwereza pa USB, sinthani chingwe. Cha USB 2.0 chisapitirire mamita 5, ndipo chilowe m'kompyuta mwenimweni, osadutsa pa hub.
4. *Adiresi yatengedwa ndi printa ina.* Printa yakale inachotsedwa, yatsopano ya kampani ina n'kupatsidwa adiresi yomweyo, koma makompyuta akugwiritsabe driver yakale. Kwa ena zimaoneka ngati zikuyenda kwa masiku angapo, chifukwa PCL 5 imamveka pa makina ambiri, kenako wina wa driver ya kampani imodzi n'kudzadzitsa thireyi yotulukira.
5. *Chinthu china pa netiweki chagogoda pa port 9100.* Port imeneyi ndi khomo limene printa imalandirirapo ntchito pa netiweki, ndipo ilibe mlonda. Chilichonse chimene chalowapo, printa imayesa kuchisindikiza. Mu ofesi ina ndinavutika milungu ingapo ndi printa imene m'mawa uliwonse wa Lolemba tinkaipeza itatulutsa mapepala angapo, popanda amene anatumiza kanthu. Tinasintha driver, tinakalipira anthu osalakwa. Tsiku lina ndinakhala pansi n'kuwerenga mapepalawo bwinobwino, ndipo pa limodzi panali `GET / HTTP/1.1`. Inali pulogalamu yofufuza chitetezo cha netiweki, imene inkayendera makina onse usiku wa Lamlungu. Oyang'anira netiweki atachotsa port 9100 ya maprinta pa mndandanda wa zofufuzidwa, nkhani inathera pomwepo.

Chizindikiro 2: Tsamba limodzi lolembedwa "PCL XL error" kapena "ERROR: ... OFFENDING COMMAND"

Apa chilankhulo n'cholondola, printa inayamba kumva, koma yakhumudwa panjira. Uthenga wa PCL 6 umayamba ndi "PCL XL error" n'kutchula Subsystem, Error, Operator ndi Position. Wa PostScript umatchula ERROR ndi OFFENDING COMMAND.

1. *Fayilo yovuta.* PDF yochokera ku pulogalamu yojambulira mapulani a nyumba, kapena yokhala ndi zithunzi zosanjikizana, ndiyo imayambitsa zambiri. Yesani kusindikiza kalata ya mzere umodzi. Ikatuluka, vuto ndi fayiloyo. Mu Adobe Acrobat Reader, pa zenera losindikizira, dinani Advanced n'kusankha "Print As Image". Ntchito imachedwerapo koma imatuluka.
2. *Memory yachepa.* Mawu akuti InsufficientMemory, VMerror kapena limitcheck akuloza kumeneko. Tsitsani kuchoka pa 1200 dpi (madontho pa inchi) kufika pa 600, kapena sindikizani masamba ochepa nthawi imodzi. Pa kalata wamba diso silisiyanitsa n'komwe.
3. *Driver ndi printa sizikugwirizana bwino.* IllegalOperatorSequence kapena IllegalTag zikamabwera pa mafayilo osiyanasiyana, sinthani chilankhulo. Ngati muli pa PCL 6, yesani PostScript kapena PCL 5. Iyi ndi njira yachangu kuposa zonse yodziwira ngati vuto lili m'kamasuliridwe.
4. *Uthenga ukuwonongeka panjira.* Mawu a ioerror kapena timeout amasonyeza chingwe, Wi-Fi yofooka, kapena printa imene yatopa kudikira. Mu menyu muli I/O Timeout. Ikwezeni ngati ntchito zazikulu zokha ndizo zikudukira.

Pa maprinta a HP LaserJet, ntchito yoipa ingathenso kuimitsiratu printayo, n'kuonetsa nambala ya cholakwika yoyamba ndi 49. Zimitsani, zulani chingwe cha netiweki, yatsani. Ikayaka bwino, ndiye kuti pali kompyuta imene ikutumizabe ntchito yoipayo. Ipezeni, fufutani ntchitoyo, kenako mubwezere chingwe. Mukabwezera musanafufute, nambala ija ibweranso nthawi yomweyo.

Chizindikiro 3: Kompyuta ikuti "Offline" printa itayaka

Ili ndilo dandaulo la tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndi nkhani ya adiresi.

Kuyesa kwachangu: tengani adiresi ya pa tsamba la Configuration, muilembe mu browser ya kompyuta imene ikuvutayo. Maprinta ambiri a netiweki ali ndi tsamba lawo la mkati. Likatseguka, njira ilipo ndipo vuto lili m'zosankha za pa kompyuta. Likakana, vuto lili pa netiweki.

1. *Adiresi yasintha.* Rauta kapena seva imabwereketsa maadiresi kwa nthawi yoikika kudzera pa DHCP. Printa ikakhala yozima nthawi yaitali, kapena rauta ikayatsidwanso, ingapatsidwe adiresi ina, pomwe kompyuta ikugogodabe pa yakale. Pa Windows lowani mu Printer properties, tsamba la Ports, dinani Configure Port, muyerekeze manambalawo. Kulemba adiresi yatsopano pamenepo kumathetsa za lero zokha. Kuti lisabwerenso, sungitsani adiresiyo mu rauta pogwiritsa ntchito MAC address ya printa (nambala yake yosasintha imene inabwera nayo kuchokera kwa opanga), kapena ipatseni adiresi yokhazikika imene ili kunja kwa gulu lobwereketsedwa. Mawu akuti kunja ndawatsindika dala. Mukaipatsa adiresi yokhazikika ya m'kati mwa gululo, tsiku lina rauta idzapereka adiresi yomweyo kwa foni ya mlendo, ndipo printa idzayamba kusowa ndi kupezeka mosadziwika bwino.
2. *SNMP sikuyankha.* Pa zenera lomwelo la Configure Port pali kabokosi ka "SNMP Status Enabled". Windows imafunsa printa za umoyo wake kudzera pa SNMP, pa port 161, pogwiritsa ntchito dzina lakuti public. Wina akatseka SNMP pa printa kapena akasintha dzinalo, Windows imangoganiza kuti printa kulibe, ngakhale njira yosindikizira ili yotseguka. Lembani dzina lolondola, kapena chotsani chizindikiro m'kabokosiko. Ngati tsamba la printa likutseguka mu browser, adiresi n'njolondola, koma Windows ikuumirirabe kuti Offline, yambani kukayikira apa.
3. *Port ya WSD.* Windows ikadzipezera yokha printa pa netiweki, kawirikawiri imapanga port ya dzina lalitali loyamba ndi WSD. Njira imeneyi imadalira kuti makina azimvana okha, ndipo imasokonekera printa ikagona tulo tosunga magetsi. Ine ndikaipeza pa printa ya mu ofesi ndimaichotsa: Add Port, Standard TCP/IP Port, kulemba adiresi, basi.
4. *Adiresi yoyamba ndi 169.254.* Printa yapempha adiresi, palibe wayankha, ndiye yadzipatsa yokha. Onani ngati tinyali ta pamene chingwe chalowa tikuphethira. Sinthani chingwe, yesani bowo lina pa switch. Chingwe cha netiweki chisapitirire mamita 100.
5. *Muli pa netiweki ina.* Laputopu yalowa pa Wi-Fi ya alendo, imene mwadala siiona makina a mu ofesi. Kapena VPN yatsegulidwa ndipo ikukokera zonse kwina. Tsekani VPN, yesaninso.
6. *Wina anasankha "Use Printer Offline"* pa zenera la mzere wa ntchito. Chotsani chizindikirocho.

Pa USB nkhani n'njaifupi. Chingwe chikalowetsedwa m'bowo lina, Windows nthawi zina imapanga printa yachiwiri ya dzina lomwelo yothera ndi "Copy 1", ndipo yakale imatsala ikuloza port yopanda kanthu. Sindikizani pa yatsopanoyo, yakale muifufute.

Chizindikiro 4: Ntchito yachoka mu mzere koma palibe chatuluka

Ichi chimakwiyitsa chifukwa palibe uthenga uliwonse. Kompyuta ikuona ngati yamaliza.

1. *Yatuluka pa printa ina.* Musaseke. Onani dzina la printa imene munasankha, ndipo ngati adiresi inasintha, kaoneni printa ya chipinda china.
2. *Printa ikufuna nambala ya dipatimenti.* Makina akuluakulu ambiri amawerengera masamba a munthu aliyense. Canon amati Department ID, Ricoh amati User Code, Kyocera amati Job Accounting. Ntchito yobwera yopanda nambala imatayidwa mwakachetechete. Nambalayo imalembedwa mu driver, ndipo driver ya Generic ilibe malo oilembamo. Yang'anani Job Log pa printa, mupeza ntchito yanu italembedwa kuti yakanidwa.
3. *Ntchito yasungidwa m'printa* kudikira kuti mukalembe nambala yachinsinsi pa makinawo. Onani ngati Secure Print kapena Stored Job sizinasankhidwe mu driver.
4. *Cholakwika cha PostScript chobisika.* Maprinta ena amataya ntchito yolakwika osanena kanthu. Yatsani "Print PS Errors" mu menyu, tumizaninso, kenako pitani ku Chizindikiro 2.
5. *Njira yotumizira siyikugwirizana.* Zilipo zitatu: Raw pa port 9100, LPR pa port 515, ndi IPP pa port 631. Oyang'anira chitetezo nthawi zina amatseka ina mwa izo pa printa. LPR imafunanso dzina la mzere, ndipo makina ena amakana dzina lolakwika. Ena amafuna kuti "LPR Byte Counting Enabled" isankhidwe. Ngati palibe chifukwa chenicheni chogwiritsira LPR, sankhani Raw kapena IPP.

Chizindikiro 5: Ntchito yamatirira mu mzere, ikukana kufufutika

Ntchito imodzi yoipa imatsekereza zonse za m'mbuyo mwake. Pa Windows:

- Tsegulani `services.msc`, imitsani Print Spooler, pulogalamu yoyang'anira mzere wa ntchito.
- Lowani mu `C:\Windows\System32\spool\PRINTERS`, fufutani mafayilo a m'katimo. Foda yeniyeniyo musaikhudze.
- Yatsaninso Print Spooler.

Ngati kompyutayo ndi seva imene ofesi yonse imasindikizirapo, dziwani kuti mufufuta ntchito za aliyense. Achenjezeni kaye.

Pa Linux ndi Mac, pulogalamu yoyang'anira kusindikiza yotchedwa CUPS imaimitsa mzere ikalephera kufikira printa, ndipo nthawi zina siuyambitsanso yokha ngakhale printa itabwerera. Lamulo la `cancel -a` limafufuta ntchito zonse, ndipo `cupsenable` kutsatana ndi dzina la printa limautsegulanso.

Spooler ikamazima yokha mobwerezabwereza, kawirikawiri pali driver yowonongeka kapena yakale kwambiri. Ganizirani imene inaikidwa posachedwapa.

Chizindikiro 6: Zatuluka, koma sizikufanana ndi za pa sikirini

*Printa yaima n'kupempha pepala pomwe thireyi yadzaza.* Ma LaserJet akale ankalemba "PC LOAD LETTER", atsopano amalemba mawu ena koma nkhani n'njomweyo: printa ikufuna pepala la kukula kwina, monga Letter pomwe m'thireyi muli A4. A4 ndi mamilimita 210 ndi 297, Letter ndi pafupifupi 216 ndi 279. Malo atatu ayenera kugwirizana: chikalata chenichenicho, driver, ndi zimene thireyi yauzidwa mu menyu ya printa. Ambiri amakonza malo amodzi n'kudabwa kuti mawa labweranso. Ngati printa n'njogawana kudzera pa seva, konzani pa Printing Defaults, osati pa Preferences pokha, chifukwa za pa Preferences zimakhudza inu nokha.

*Zilembo zasintha maonekedwe, kapena zina zasanduka timabokosi.* Maprinta a PostScript ali ndi ma font awoawo m'kati, ndipo driver ingathe kusinthanitsa Arial ndi Helvetica kuti ntchito ichepe. Mizere imasuntha pang'ono, ndipo chilembo ngati ŵ chingasowe ngati font ya m'printamo ilibe. Mu Advanced ya driver, pa TrueType Font, sankhani "Download as Softfont" m'malo mwa "Substitute with Device Font". Ngati ndi PDF imene ikuvuta pa kompyuta iliyonse, ma font sanalowetsedwe m'fayilomo poipanga, ndiye wopanga aipangenso.

*Kusindikiza mbali zonse ziwiri kapena thireyi yachitatu sizikupezeka.* Driver siikudziwa kuti zipangizozo zilipo. Mu Printer properties, pa Device Settings, ziyatseni pamanja kapena dinani pamene driver imafunsa printa yokha. Kufunsako kumadalira SNMP yomwe ija, choncho ngati munaitseka pa printa, muyenera kuziyatsa pamanja.

Chizindikiro 7: Foni kapena Mac siyikuiona printa

Zipangizo zimenezi zimapeza printa pomvera kulengeza kwake kudzera pa mDNS, imene Apple amaitcha Bonjour, pa port 5353. Kulengezako sikudumpha kuchoka pa chigawo chimodzi cha netiweki kupita pa china pokhapokha atakonza dala.

1. Foni ndi printa zili pa zigawo zosiyana, kapena Wi-Fi yaikidwa kuti zipangizo zisaonane.
2. AirPrint, Bonjour kapena IPP zatsekedwa pa tsamba la mkati la printa.
3. Printa ya Wi-Fi yagwa pa netiweki. Zambiri zimamva 2.4 GHz yokha, ndipo zakale sizimva chitetezo cha Wi-Fi chotchedwa WPA3. Rauta ikasinthidwa, apa m'pamene zimagwera.
4. Printayo n'njakale kuposa AirPrint, imene inayamba mu 2010. Pa Mac mungaiwonjezere polemba adiresi yake. Pa foni pafunika seva yoiimira pakati.

Ngati pali bowo la netiweki pafupi, printa ya anthu ambiri ilumikizeni ndi chingwe. Madandaulo a Wi-Fi amatheratu tsiku lomwelo.

Nanga musankhe chilankhulo chiti?

Pa makalata, ma spreadsheet ndi zina za tsiku ndi tsiku pa Windows, PCL 6 imathamanga ndipo imakwanira. Pa ntchito zojambula, ma PDF ovuta, ndi pamene tsamba liyenera kutuluka chimodzimodzi pa makina osiyana, PostScript imadalirika. PCL 5 musainyoze chifukwa cha ukalamba: mapulogalamu akale owerengera ndalama ndi katundu amatumiza malangizo ake mwachindunji, ndipo ikasowa, malipoti amatuluka opindika. Chimene ine ndimachita pa printa yomva zonse n'kuiika kawiri pa adiresi imodzi, ina ndi driver ya PCL 6, ina ya PostScript, mayina ake olembedwa momveka. Fayilo ikakana kuno, munthu amayesa uko popanda kuitana aliyense.

Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

Zimitsani pa khoma ndipo musayesenso kanthu ngati:

- mwamva fungo la kupsa, mwaona utsi, kapena makina akulira mokukuta;
- uthenga ukutchula fuser (chipangizo chomatira toner pa pepala), monga nambala zoyamba ndi 50 pa HP LaserJet. Chipangizo chimenechi chimatentha kufika pafupifupi madigiri 200, ndipo chimawotcha chala ngakhale makina atangozimitsidwa kumene.

Itanani wokonza makina ngati:

- tsamba la Configuration lenilenilo likutuluka lowonongeka kapena likukana kutuluka;
- nambala ya cholakwika ikubwerabe zingwe zonse za netiweki ndi USB zitazulidwa;
- printa ikuiwala adiresi ndi zosankha zake nthawi iliyonse ikazimitsidwa;
- kuika firmware (pulogalamu ya m'kati mwa printa) yatsopano kwaima panjira. Musazimitse, musazule chingwe. Magetsi akaduka pa nthawi imeneyi, makina angathe osadzukanso.

Ngati makinawo ndi obwereka kapena akadali pa chitsimikizo cha ogulitsa, musamasule sikulu iliyonse.

Siyirani oyang'anira netiweki ngati kukonzako kukufuna kusintha za mu rauta, firewall kapena seva. Chimodzimodzinso Windows ikakana kulumikiza printa yogawana n'kupereka nambala ngati 0x0000011b, kapena ikafuna pasiwedi ya woyang'anira poika driver. Zimenezi zinayamba Microsoft itatseka mipata ya chitetezo mu 2021, kuphatikizapo wotchedwa PrintNightmare. Pa intaneti mupeza malangizo osintha registry (nkhokwe ya zosankha za Windows) kuti uthengawo uchoke, koma ambiri mwa iwo amangotsegulanso mipata yomweyo. Musatsegulenso port 9100 kapena 631 ku intaneti kuti muzisindikiza muli kutali, chifukwa aliyense amene waipeza angathe kutumizako chilichonse.

Wokonza akamabwera, mukonzereni tsamba la Configuration, tsamba loyamba la zolakwika zija, mawu enieni a pa sikirini ya printa mutawajambula ndi foni, dzina la driver monga likuonekera pa tsamba la Advanced, ndi fayilo imene inakana. Mumuuzenso ngati vutoli lili pa kompyuta imodzi kapena pa onse, komanso chimene chinasinthidwa mu ofesi tsiku limene linayamba.